Kamtanda ka Zala Ziwiri

Dzulo mwana wanga Tadala, potuluka kupita kukayesedwa ntchito ku City Centre, anapiringiza zala ziwiri n'kuti, "Fingers crossed, amayi." Ine kuseka mpaka misozi.

Ndili wamng'ono, bambo ankasamalira maluwa kwa azungu ku Area 12, ife tikukhala m'kanyumba kakuseri. Tsiku lina mlongo wanga wakhanda, Yohane, anatentha thupi koopsa, ndipo adona apakhomopo anapereka galimoto kuti amayi athamangire naye kuchipatala. Kenako adonawo anandiweramira, akununkhira sopo wa ndimu, n'kunena mawu omwewo akundionetsa zala.

Ine ndinaona kamtanda. Ndinati kani azungu amapemphera chonchi! Ndinapiringiza zanga, ndikuopa kuti ndikangomasula, Yohane sabwerako.

Masana bambo anandininkha chinangwa chootcha, ine n'kulandira ndi dzanja limodzi, lamanzere.

"Iwe! Dzanja linalo wasungira ndani?"

"Lagwira Yohane, ababa."

Anayang'ana zala zanga, zitachita dzanzi. Sanaseke. Anati ndi mawu chabe amene azungu amanena pofunira munthu mwayi, ndipo akatero amamasula n'kumwa tiyi wawo. Anandiwongola zala chimodzichimodzi, n'kuzifumbata m'manja mwawo monunkha dothi lonyowa, ndipo tinagwada pomwepo pambali pa mpopi.

Mulungu ndi wabwino, Yohaneyo lero ali ndi imvi.

Choncho Tadala ndinangomukonza kolala n'kumuuza kuti, "Pita mwanawe. Zala ndakusiyira iwe, ine zanga ndi za maondo."