Limba Lakhungu pa Ukwati wa Mwana Wanga

Ine mtima wanga ndi wapachala. Sindibisa, ndipo amene anakhala nane pafupi ku Chinyunyu akhoza kuchitira umboni. Limba lija ndinalipanga chifukwa cha mkwiyo basi. Nyimbo sindizitha mpaka lero.

Zinayamba tsiku limene asebele anga, atate ake a mnyamata amene ankakwatira mwana wanga woyamba, anabwera kudzakambirana za ukwati. Anali munthu wa ku Lusaka, mwini minibasi imodzi yoyenda mumsewu waukulu wa kum'mawa, koma polankhula mukadayesa ali nazo khumi. Zonse zinayenda bwino mpaka atafunsa kuti mkwatibwi adzalowa m'tchalitchi ndi chiyani. Ndinawauza zoona, kuti limba lakale la pampingo makoswe analidya mvukuto, kwaya imangoimba ndi ng'oma ndi manja. Anaseka, nayang'ana abale awo.

"Musavutike asebele, kiyibodi tizabwera nayo kuchoka ku tauni. Tidziwa kuti kuno kulibe."

Mawu akuti kuno kulibe ndiwo anandiwotcha. Ndinaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti kiyibodi yawoyo aisunge, mwana wanga adzalowa ndi limba lopangidwa ndi manja a atate ake. Akazi anga ananditsina mwendo, koma mawu anali atatuluka kale. Ukwati unali utatsala miyezi itatu, ndipo ndinkadziwa kuti ndikalephera mwanayo adzakhala m'banja limene atate ake ndi nthabwala ya pa Khirisimasi iliyonse.

Sikuti ndinalankhula ngati wamisala weniweni. Ndinafika Fomu 5, ndipo ndinagwira ntchito zaka zambiri ku Lusaka pa shopu yokonza mawailesi ndi makina a m'maofesi. Zaka zija za m'ma nainte makampani atayamba kutsekedwa, shopu yathu inagwanso. Bwana anati aliyense atole chimene akufuna m'chipinda cha zotayidwa. Anzanga anatola mafani ndi mipando. Ine ndinatola makompyuta awiri akufa, aja ana a azungu ankaseweretsa magemu, ooneka ngati buledi wokhala ndi mabatani pamwamba, pamodzi ndi buku lake lothothoka chikuto. Anakhala pansi pa bedi, nkhuku zikuikira mazira pambali pake.

M'kati mwa kompyuta yotere muli kachipi kakuda, kotalika ngati chala, ka miyendo makumi awiri ndi isanu ndi itatu ngati bongololo. Ndiko kamatulutsa mawu, ndipo kamatha kuimba mawu atatu nthawi imodzi. Nditatsegula ndinapeza kuti kompyuta yoyamba ubongo wake uli moyo, koma kachipi ka mawu kanapsa, mbali yotulutsa zithunzi inapsanso. Yachiwiri inalowa madzi n'kuchita dzimbiri paliponse, kupatula kachipi kajako. Ntchito inali yochotsa pakamwa pa wakufa n'kuika pa wosalankhula.

Magetsi kunalibe. Chitsulo chowotcherera ndinkachiika pa mbaula, chikafiira ndithamange nacho pa mwendo umodzi wa kachipi, mtovu ukasungunuka ndiuuzire ndi chubu cha bolopeni. Mwendo umodzi, kenaka chitsulo chazizira, kubwerera ku mbaula. Mtovu wina unandidumphira pa mlomo, chipsera ndikali nacho. Zinanditengera masiku anayi.

Makiyi ndinakapempha kwa abusa, a limba lodyedwa ndi makoswe lija. Pansi pa kiyi iliyonse ndinakhomera kamalata kodula ku chitini cha mafuta ophikira, n'kukokera waya mpaka ku batani limodzi la kompyuta. Bokosi ndinakhoma ndi matabwa a mlombwa. Sipika ndi chokuzira mawu zinachokera mu wailesi ya lole ina imene inagubuduzika pa phiri, batire nayonso inali ya lole. Mabatani a kompyutawo ndinawasiya m'kadirowa kapansi, chifukwa apo ndi pamene panagona vuto lenileni.

Chinthucho chinali ndi matenda awiri. Chinali chakhungu, ndipo chinali choiwala. Kachipi sikaimba kokha, uyenera kulembera kompyuta malamulo ouza kuti kiyi yakuti ikadinidwa atulutse liwu lakuti. Ndinawakonza kuchokera m'buku muja, anakwana mizere makumi atatu ndi iwiri, ndinawalemba m'kope la sukulu. Koma popeza mbali ya zithunzi inapsa, zimene ukulemba sumaziona. Umangodina mumdima ngati munthu wofufuza singano m'thumba la chimanga, ndipo ukalakwa kachilembo kamodzi umadziwa pamapeto, chikakhala chete. Ndiye ukachotsa batire ngakhale kwa kamphindi, chimaiwala zonse.

Ndekha sindinkatha. Ndikayang'ana m'kope ndinkataya chala pa batani, ndikayang'ana batani ndinkataya mzere. Tsiku lina ndinaponya pulayazi pa khoma, bowo lake lilipo. Mwana wanga, mkwatibwi mwiniwakeyo, ndiye anabwera n'kutenga kope, nati iye aziwerenga ine ndizidina. Anali ndi lamulo lake limodzi. Akaona kuti ndayamba kupumira m'mphuno, ankatseka kope.

"Atate, kamweni madzi."

Ndinkamukalipira kuti ine si mbuzi, koma kope sankalitsegula mpaka nditamwa. Ndipo zoona, ndikamwa mkwiyo unkatsika.

Tsiku limene chinalira koyamba chinalira ngati mwana wa ng'ombe amene amutsekera kunja kwa khola. Agalu anathawa, akazi anga anagwetsa lichero. Ine ndinadina kiyi imodziyo mpaka anansi anabwera kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Woliza anali mphunzitsi wina wamkazi wa pa pulayimale, amene ankatsogolera kwaya ndiponso ankaliza limba lakale lija. Atayesa ndi kwaya yake anagwedeza mutu, nati limba langa likunama, mawu ena akwera pang'ono kuposa mmene amayi amaimbira. Ndinamuuza kuti manambala a mawu ndawatenga m'buku la kunja, buku silinama. Anandiyankha kuti ndiye ndiitane eni bukuwo adzaimbe pa ukwati. Ndinatuluka panja, ndinazungulira tchalitchi kawiri, ndinabwerera. Tinakhala masabata awiri, iye aimbe liwu, ine ndisinthe nambala m'kope, mwana awerengenso mizere yonse. Mapeto ake limba linayamba kuimba ngati amayi a ku Chinyunyu. Mphunzitsi nayenso anaphunzira kusadina makiyi anayi, chifukwa liwu lachinayi kachipi kanalibe.

Lachisanu masana, alangizi asanamutenge mwana kupita naye kwa azakhali ake, mwanayo anandiwerengera komaliza m'tchalitchi. Limba linalira bwino. Ndinazimitsa chokuzira mawu chokha, kompyuta ndinaisiya yoyaka, batire ili pansi pa tebulo, zonse ndinafunditsa chitenje. Batire ya lole inali ndi mphamvu zokwanira mpaka Lamulungu.

Loweruka m'mawa ndinayatsa chokuzira mawu, ndinadina kiyi, inalira, ndinachizimitsanso. Ndinapita kunyumba kukavala jekete. Pobwera ndinapeza tchalitchi chadzaza, a ku Lusaka atakhala kutsogolo ndi masuti awo, minibasi ya asebele ikuima pa msewu wa fumbi ndi mkwatibwi m'kati. Ndinavundukula chitenje, ndinayatsa chokuzira mawu, ndinadina. Zii. Ndinadinanso. Zii.

Asebele anabwera akupukuta manja ndi mpango, akumwetulira. Anandifotokozera mokoma kuti minibasi inakana kulira pamene ankafuna kukatenga mkwatibwi, ndiye anabwereka batire yanga pang'ono chabe, ndipo aibwezera bwinobwino, waya wofiira pake, wakuda pake. Sanachite mwadala. Kwa munthu wa minibasi batire ndi chinthu chobwerekana ngati mchere.

Sindikumbuka zonse zimene ndinanena. Ndikumbuka kuti abusa anatsokomola, ndipo akazi anga anandigwira jekete kumbuyo nandiuza motsitsa kuti ndikafuna kutukwana ndidzatukwane mawa, lero ndiwauze kuti ndikufuna nthawi yochuluka bwanji. Ndinati theka la ola, ngati pali wondiwerengera. Koma ndani? Mwana wanga tsopano anali mkwatibwi, ndipo mkwatibwi salankhula, sadzutsa nkhope. Akazi anga sukulu anasiyira Giredi 3. Mphunzitsi anali panja akutsogolera nyimbo, akadasiya aliyense akadadziwa kuti zinthu zavuta. Akazi anga anatenga kope lija pa tebulo n'kuliika m'manja mwa asebele.

"Mwachotsa ndinu asebele. Werengani."

Akazi angawo anatuluka panja kukanong'oneza alangizi kuti mkwatibwi asafulumire kulowa. Kwathu mkwatibwi sapita kwa mwamuna wake mothamanga. Amayenda pang'ono n'kuima, nkhope pansi, ndipo sasuntha mpaka akuchimuna amunyengerere ndi kamphatso. Kawirikawiri amaima kawiri kapena katatu pakati pa msewu ndi khomo la tchalitchi. Tsiku limenelo mwana wanga ankaima pa phazi lililonse.

Ife m'kati tinagwada kuseri kwa tebulo, amuna awiri akuluakulu m'majekete, ine ndi kadirowa ka mabatani, iwo ndi kope. Ankawerenga mothamanga, ine ndikudina ndi zala ziwiri. Panja nyimbo ikupitirira. Pa zenera ndinkaona akuchimuna akutulutsa zitenje, sopo, mbale, kenaka wina anathamanga kukagwira nkhuku. Tinafika mzere womaliza, ndinadina batani loyambitsira, ndinadina kiyi. Zii.

Magazi anandikwera kumutu. Asebele anayang'ana m'kope, nayang'ana ine, thukuta likutsika m'khosi.

"Asebele, ndine. Nalumpha mzere umodzi pakati apa, chala chinatsetsereka."

Dzanja langa linali litakwera kale. Ndikadawamenya m'tchalitchi, pamaso pa abusa, pa ukwati wa ana athu, ndipo sindikunena izi monyadira. Koma kudzera pa khomo ndinaona mwana wanga ataima pa dzuwa, veyilo ili kumaso, mutu pansi. Sanandiyang'ane. Anangokweza dzanja pang'ono ngati wogwira kapu, n'kulifikitsa pakamwa. Alangizi anayesa ali ndi ludzu, anathamangira madzi. Ine ndinadzuka, ndinapita pa ndowa imene inali kuseri kwa guwa, ndinamwa makapu awiri, ndinabwerera kudzagwada.

Ndinazimitsa kompyuta n'kuiyatsanso. Asebele anatulutsa kabuku ka matikiti a minibasi, nakaika pansi pa mzere woyamba kuti chala chisasocherenso. Ulendo uno anawerenga ngati kondakitala woitanira anthu pa siteshoni, chilembo chimodzi chimodzi, momveka, ndipo pa mapeto a mzere uliwonse ankati tapita. Ine ndinkayankha kuti tapita. Panja mphatso zinali zitatha. Malume ake a mkwati anavula chipewa chawo chatsopano n'kuchiika pa mapazi a mkwatibwi, anthu akufa nako kuseka, ndipo iye anayenda phazi limodzi n'kuimanso.

Mzere wa makumi atatu ndi iwiri. Batani loyambitsira. Ndinauza asebele kuti adine okha kiyi, ine chala chinkakana.

Linalira. Malata a denga ananjenjemera, mwana wina wa pamsana analira nalo. Mphunzitsi atangomva analowa chothamanga, nsapato imodzi inatsala pakhomo, nakhala pa mpando n'kugwetsa zala zitatu pa makiyi a limba la makoswe lija. Kwaya inalandira nyimbo kuchokera panja, mawu a amayi ndi mawu a kachipi akugwirana ngati anabadwira mudzi umodzi. Nthungululu zinasweka. Mwana wanga, amene anatenga pafupifupi ola lathunthu kuchoka pa msewu kufika pakhomo, analowa akuvina mwakachetechete mpaka kuguwa osaimanso. Podutsa pa tebulo langa sanadzutse nkhope, mwambo ndi mwambo, koma ndinaona mapewa ake akugwedezeka ndi kuseka.

A ku Lusaka sanamvere ulaliki. Makosi onse anali ku bokosi la mlombwa. Mapemphero atatha anabwera kudzasuzumira kumbuyo kwake, kufunafuna dzina la kampani. Wina anafunsa ngati ndinagula ku Joni. Ndinatsegula chivundikiro, ndinawaonetsa malata a chitini cha mafuta, chithunzi cha mpendadzuwa chikuonekabe, ndi kachipi kakuda kaja kali phee pakati pa mawaya.

Pa madyerero ndinamva asebele akuuza anzawo kuti limba limenelo talikonza ndife awiri. Ndinawadula pomwepo kuti iwo anangowerenga, ndiponso koyamba analumpha mzere. Anavomera akuseka, nandithirira munkoyo m'kapu. Kenaka anandikokera pambali n'kunena kuti mwana wawo wamkazi akwatiwa chaka chamawa ku Lusaka, kodi limba lingakwere minibasi? Ndinawafunsa kuti nanga kiyibodi ija ya ku tauni yapita kuti. Anati kiyibodi aliyense ali nayo.

Ndinawauza kuti limba lidzabwera, koma batire ndidzaimanga ndi unyolo ku mwendo wa tebulo, ndipo kiyi wa loko adzakhala m'thumba langa.