Mayina a pa Khonde la Mayi Odette

Fungo la khofi wokazinga likandipeza, ngakhale ndili mu ofesi ku City Centre, mtima umathawira ku Area 1, kuseri kwa msika, pa khonde la mayi Odette. Anali mayi wachikulire wochokera ku Burundi, ndipo ankachita lendi chipinda choyandikana ndi chathu. M'mawa uliwonse ankakazinga khofi wawo m'kachiwaya kakuda, utsi wa makala n'kumasakanikirana ndi fumbi la maminibasi, kenako ankakhala pa makina osokera n'kumapalasa, phokoso lake likupikisana ndi nyundo ya a Yusufu, amene ankakhoma zidebe ndi mbaula mbali ina ya mpanda.

Ana a pamalopo tinkathamangira kwa mayiwo tikaweruka kusukulu, poyamba pofuna tizidutswa ta nsalu tovekera zidole, kenako chifukwa cha masewera amene anatiphunzitsa. Mmodzi ankatchula dzina la Chifalansa, wotsatira n'kutchula lina loyamba ndi chilembo chimene dzina lija lathera. Wolephera ankasesa pakhonde. Poti mayinawo anali achilendo, mayiwo ankatilembera pasimenti ndi choko cholembera nsalu: Louis, Simone, Edouard, Denis, Suzanne.

Chovuta chinali chakuti Afalansa amalemba zina n'kutchula zina. Tsiku lina mayi Odette anatchula Robert m'katchulidwe kawo kaja, ine n'kufuula kuti, "Rose!"

Anaseka mpaka kusiya kupalasa. "Ayi, mwanangu, kumapeto kuli t. Ndi wamanyazi, salankhula, koma alipo."

"Thérèse!" anandilanda mnzanga Chisomo. Iyeyo ndiye anali katswiri, tsache sankaligwira.

Mvula itayamba, udzudzu utachuluka m'ngalande, Chisomo anadwala. Thupi linatentha kwambiri, ndipo anayamba kubwebweta mayina aja motsatizana. Mayi ake, a Nachisale, amene ankagulitsa kaunjika mumsika, sanapite naye kuchipatala. Anaitana bambo wina wodzitcha mneneri, yemwe atamvetsera pang'ono anagamula kuti amenewo ndi mayina a anthu akufa, ndipo alipo akuphunzitsa ana ufiti.

Linali Loweruka masana, dzuwa likuswa mtengo, pamene gulu linadzaza pakhomo pathu. A Nachisale anali patsogolo, chitenje chomanga m'chiuno.

"Tulukani, mayi inu! Mwana wanga mwamutani?"

Mneneri uja anatisonkhanitsa anafe. Anandigwira paphewa, thukuta lake likununkha, n'kufunsa kuti, "Iwe, agogowa amapita nanu kuti anthu akagona?"

"Sitipita kulikonse," ndinayankha. "Ndi masewera chabe, timasewera masana pakhonde pomwepa."

"Tatchula timve."

Ndinatchula mokweza, mosaphonya, ndikuganiza kuti akamva mmene mayinawo akulumikizirana aseka n'kubalalika. Ndinafotokozanso za chilembo chomaliza. Koma mayi wina anangogwira kumutu n'kukuwa kuti, "Mwamva nokha! Mwana wa Achewa zimenezi wazidziwira kuti?"

Mpaka lero ndikaganiza, magazi amawira. Anali anthu akuluakulu, ena opita kusukulu, ena ovala mataye pa Lolemba, koma panalibe amene anawerama kuti awerenge zolembedwa pasimentipo.

Mayi Odette anatuluka, tepi yoyezera ili m'khosi. A Nachisale anawaloza kumaso.

"Mayina amenewa ndi a ndani? Si akufa amenewa?"

Akanatha kunama. Koma anayankha mofatsa, m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chiswahili, kuti, "Ena anamwaliradi. Louis anali mwamuna wanga. Simone anali mwana wanga woyamba. Anatsala kwathu pa nkhondo. Anawa akamawatchula, mtima wanga umapuma."

"Wavomera!" anakuwa mneneri uja.

A Yusufu anadumpha mpanda, nyundo ataisiya. "Anthu inu, opani Mulungu! Mwana akutentha thupi, thamangani naye kuchipatala. Mayiwa akusokerani zaka zonsezi, lero asanduka mfiti?"

"Inu zikukukhudzani chiyani? Kapena muli limodzi?" wina anawabweza. Amayi anga nawo anayesa kulankhula, koma mawu awo anamira m'phokoso, ndipo anangondikokera kumbuyo kwawo.

Anyamata awiri ananyamula makina aja n'kuwaponya m'ngalande, gudumu lake n'kuthyoka. Wina anakhuthulira madzi a mchere pa mayina a choko aja n'kuwapekesa ndi phazi. Eni nyumba, amene mwana wawo ankavala yunifolomu yosokedwa pa makina omwewo, analengeza kuti sakufuna mavuto, mayiwo asamuke.

Mayi Odette sanalire. Anayang'ana makina awo ali m'matope, n'kunena mawu amene sanandichoke m'makutu: "Kwathu ndinathawa zikwanje. Kuno ndithawe masewera a ana?"

Tsiku lomwelo bambo a Chisomo atabwera kuchokera kuntchito, a Yusufu anawaumiriza, n'kumukweza mwanayo panjinga kupita naye kuchipatala. Anali malungo. Anamupatsa mankhwala, ndipo sabata isanathe anali kudumpha chingwe panja. Koma mayi Odette anali atapita kale. A Yusufu ndi amene anawavuulira makina, n'kuwapezera galimoto. Pokwera, mayiwo anandigwira tsaya. Kumene analowera sitinakudziwe.

Palibe anapepesa, ngakhale mmodzi. Mneneri uja ankanyada kuti mwana wachira chifukwa mfiti yachoka. A Nachisale anapitiriza kupita kutchalitchi atavala diresi lobiriwira limene mayi Odette anawasokera, ndipo ine ndikaliona ndinkakana kuwapatsa moni, mpaka amayi anandikwapula.

Chaka chatha ndinakumana ndi a Nachisale pa ukwati wina ku Area 10. Akalamba, akuyendera ndodo, koma pakamwa mpomwe paja. Anandikokera kamdzukulu kawo, mwana wa Chisomo.

"Uyu ndi Michelle. Ali pasukulu yapamwamba, amaphunzira Chifalansa! Tawalankhula, amve azakhali akowa."

Kamwanako kananena mawu angapo, agogo ake n'kuwomba m'manja. Ndinadikira amalize, kenako ndinafunsa kuti, "Amayi, mukuwakumbukira mayi Odette, atelala a ku Area 1 aja?"

Anakwinya pamphumi, akufufuza moona mtima. "Odette? Anali ndani ameneyo?"

Ndinaika mbale yanga patebulo n'kutuluka panja. Ndinkayesa kuti zaka zaziziritsa mkwiyo wanga, koma unali pomwepo, wonse. Ndaleka kuuthamangitsa. Ndi umene umandiimiritsa pamsonkhano wa m'dera lathu kapena pamaliro, wina akayamba kunong'ona kuti mayi wakutiwakuti ndi mfiti. Sindikhala chete. Ndimafunsa mokweza, aliyense amve: wodwalayo mwapita naye kuchipatala?