Ndondocha za a Kalekeni

Msuweni wanga Kalekeni ndi munthu woti mukakumana naye pamsika wa Santhe simungamucheukire. Wamtali, wowonda, wosalankhulalankhula, njinga yake yolira paliponse kupatula belu. Ine Feggie ndinakula naye limodzi kwa Wimbe, ndiye mukamva ndikumunyoza musadabwe, ndi chisuweni, ndipo zambiri amaziputa yekha. Atakula anakwatira Malita kumudzi wina kufupi ndi Santhe n'kukhala konko chikamwini. Munda wa akazi ake, malo a nyumba a akazi ake, ngakhale mtengo wa mango umene amausapo anabzala ndi apongozi. Iye anapitako ndi bulangete ndi khasu basi.

Koma pa ulimi ndiye musamuyese. Fodya amamudziwa kuyambira ku nazale mpaka kudinda belo. Mowa samwa, bawo sasewera, mpira samvera. Ndinkati munthuyu alibe chilema chilichonse, osadziwa kuti chilema chake chinali m'njira, chikubwera pa sitima kuchokera kunja.

Chaka china atagulitsa fodya ku okushoni anadzigulira jekete la pakaunjika kwa Osman, wogulitsa zovala pa Santhe pomwepo. Popisa m'thumba anapezamo kamunthu ka pulasitiki kosaposa chala chachikulu, kovala zoyera zokhazokha, chisoti chophimba nkhope yonse, timanja topindika ngati tikudikira kapu ya tiyi. Mutu ukazula umazuka, miyendo chimodzimodzi, ukabwezera kamunthu kali bwinobwino. Wina akanapatsa mwana n'kuiwala. Msuweni wangayu ayi, anakapukuta ndi malaya n'kukaika m'thumba la pamtima.

Matenda anakula tsiku limene anathawira mvula m'nyumba yoonetsera vidiyo. Mmenemo munali filimu ya anthu omenyana kumwamba, kuseri kwa nyenyezi, pa ndege zopanda mapiko. Akuti filimu ili mkati anaimirira n'kukuwa, "Uyo! Ndili naye kunyumba ameneyo!" Anthu anamukhazika pansi ndi mawu oti sindingabwereze pano.

Osman ndiye anamufotokozera kuti tianthu timeneti timabwera m'mabokosi pamodzi ndi tinjerwa ta pulasitiki timene ana a kunja amamangira ndege ndi nyumba, ndipo tina timasochera n'kugwera pansi pa mabelo a kaunjika. Kuyambira pamenepo Osman akamasula belo ankamusungira. Anapeza wina wa maso atatu, wina wa mutu ngati wa mlamba, maloboti awiri, ndi wina wopanda mwendo amene anamusemera wa nsungwi. Onse anawapatsa maina. Woyera uja anali Sajeni, panali Mlangizi, panali Kondakitala. Ankagona m'chitini cha mabisiketi, koma nyengo yosoka fodya ankawandandalika pamtanda m'chigafa n'kumacheza nawo uku akugwira ntchito.

Ndinamupeza choncho tsiku lina. Ndinati, "Asuweni, munthu wa ana atatu, imvi zayamba, mukusewera ndi tidole?"

Iye osatukula ndi mutu womwe. "Awa ndi asilikali a kunyenyezi, Feggie. Komanso sayankha zamwano ngati iwe."

Tsono kunabwera chaka chimene makuponi a feteleza anafika ochepa m'mudzi mwawo. Ena anagawana thumba limodzi mabanja atatu, nyumba ya Kalekeni inatsala kunja. Iye ndi Malita anakokolola manyowa m'khola la mbuzi, nadzala chimanga pomwe panachoka fodya. Ha, chimanga chake! Nkhokwe inadzaza mpaka china anaunjika pakhonde, pomwe anzawo a makuponi aja anakolola cha m'madengu. Mukudziwa mmene tilili anthufe, mnzathu akakolola sitifunsa kuti wadzuka nthawi yanji, timafunsa kuti wapita kwa yani.

Mayi wina podutsa kuseri kwa chigafa anamva mawu akuti, "Sajeni, mawa tilawirire, ntchito yatsala yambiri." Posuzumira anaona tianthu tili ndandanda pamtanda, msuweni wanga akutilangiza. Dzuwa lisanalowe nkhani inali m'kamwam'kamwa kuti mkamwini wa kwa Malita ali ndi ndondocha, anthu aja amati mfiti imawatenga mwamatsenga, n'kuwafupikitsa, kuti aziilimira ena ali m'tulo.

A Esau, atsibweni a Malita, omwe ndi eni mbumba, anatitumizira uthenga waufupi: bwerani mudzatenge munthu wanu. Apa kuseka kunandithera. Mkamwini akamupitikitsa amasiya mkazi, ana, nkhokwe, chilichonse, n'kubwerera kwawo ngati mnyamata wosakwatira. Ndipo ndinkadziwa kuti Kalekeni, ndi kupusa kwake konse, amakonda Malita kwabasi. Ndinatsagana ndi ankhoswe athu mtima uli m'mwamba.

Tinakhala m'mawa pansi pa mango uja. Chitini chinali pakati pa mphasa, anthu onse atakhala patali ngati muli njoka. Pambali anali atasonkha kale moto. A Esau anatsegula chivundikiro ndi nsonga ya ndodo, thupi atalipendekera kumbuyo.

Kalekeni anati awathandize kumvetsa. Anatola Kondakitala, namuzula mutu kuti phwe, n'kuusinthanitsa ndi wa Mlangizi. Abale inu! Amayi anabalalika, wina mpaka anasiya patapata.

"Mayo ine, wamudula khosi!"

A Esau anagwedeza mutu. "Mwaona? Magazi osatuluka. Munthu wamba angatero?"

Ine mtima unandipsa. Ndinati, "A Esau, pepani ndalowerera, koma ameneyo ndi pulasitiki, chimodzimodzi beseni lanu losambira."

"Mayi, beseni langalo munandimvapo ndikuliuza kuti tilawirire?"



Kenako a Esau anagamula. Anati mbumba yawo singagone mudzi umodzi ndi zinthu zotere. Mkamwini aziponye yekha pamoto anthu akuona, apo ayi atenge bulangete lake atsogole ndi abale ake lero lomwe. Nkhani yosavuta, eti? Munthu wanzeru akanangoti chitini chonse pamoto phuu, ukwati n'kupulumuka. Msuweni wanga anayang'ana chitini, anayang'ana moto, n'kufunsa ndi mawu aang'ono:

"Onse? Ndi Sajeni yemwe?"

Ndinagwira kumutu. Ankhoswe athu anayamba kufunafuna chipewa chawo.

Pamenepo Malita anaimirira n'kumanga chitenje mwamphamvu m'chiuno. Sanayambe ndi mwamuna wake, anayamba ndi atsibweni ake.

"Atsibweni, ndondocha mukuifunayo ndine. Ndi ineyo! Manyowa aja anasenza pamutu ndani, mpaka tsitsi kuthothoka pakati? Anapalira ndani mvula ili pamsana? Taonani zikhathozi. Inu munkandidutsa m'munda muja mukupita kokadikira makuponi, moni munkandipatsa. Lero chimanga chabereka mukuti walima ndi chidole cha mwendo wa nsungwi? Zandiwawa, atsibweni. Kunena kuti amuna anga ndi mfiti mwandilakwira, koma kupatsa tidole thukuta langa mwandinyoza."

A Esau anatsokomola, nayamba kukanda pansi ndi ndodo. Ine ndinatsala pang'ono kululuta. Koma Malita anali asanathe, anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Nanga inu bambo a Lonjezo? Akuti sankhani ine kapena chitini, inu n'kumafunsa kuti onse? Sajeni mumamuuza za mawa, za mitengo ya fodya, za msana wanu. Ine mumandiuza chiyani? 'Madzi osamba.' Ndiyankheni pano pa anthu, tidoleti tili ndi chiyani chimene ine ndilibe?"

Kalekeni anayankha akuyang'ana mapazi ake. Sindinamumvepo akulankhula motalika chonchi chibadwire.

"Mayi a Lonjezo, palibe chimene tili nacho. Kungoti mudzi uno munda ndi wanu, nyumba ndi yanu, ana ndi a mbumba yanu. Sindikudandaula, ndi mwambo. Koma ndikayang'ana chimene ndinganene kuti ichi n'changa, chimene munthu sangandiuze kuti siya pompo, ndi chitinichi basi. N'chifukwa chake ndinafunsa. Koma ngati nkhani ndi inu, ndiye palibe chofunsa."

Anaika Kondakitala ndi Mlangizi m'chitini, mitu yawo ili yosinthana chomwecho, natseka, nanyamuka kulunjika pamoto. Ine amene ndinkamuseka zaka zonsezi misozi inalengeza, chifukwa cha tidole, tangoganizani.

Sanafike. Malita anamutsekereza, namulanda chitini chija n'kuchikulunga m'chitenje ngati ndalama za kuchigayo.

"Aliyense wofuna kuwotcha izi adzazitenge m'sutikesi mwanga," anatero akuyang'ana anthu onse mmodzimmodzi. A Esau anati poti mwini wake wa ukwati walankhula, iwo ndi ndani, ndipo anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi zawo sanazimasule.

Anthu akubalalika, Kalekeni anatsatira mkazi wake chapambuyo, manja ali kumbuyo ngati mwana wopita kwa ahedi. Ine ndinali pafupi, ndipo makutu anga ndi akuthwa, ndinamva zonse.

"Ndiye muzindibwereka nthawi yosoka fodya?"

"Ndizikubwerekani, koma pocheza nawo ndizikhalapo," anatero Malita. "Ndipo mumve bwino, bambo a Lonjezo. Tsiku limene mudzafune kuchoka m'mudzi muno, katundu wanu yense ndi uyu, mudzachite kupempha kwa ine. Sindidzakupatsani."