Namawaya ndi Kabokosi ka pa Firiji

Dzina loti Namawaya anamupatsa ndi malume ake, amene ankakonza mawayilesi m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosoka zovala. Malumewo atayamba kunjenjemera manja, anamusiyira tebulo, mita yoyezera magetsi ndi chitini cha timasikulu tosadziwika kwawo. Pambuyo pake Namawaya anakwatiwa ndi telala wa kutsogoloko, nabereka ana aakazi atatu. Kwa zaka makumi awiri anakhala pampando womwewo, akukonza mawayilesi, matochi, kenako mafoni atabwera.

Tsiku lina kunafika injiniya wina atanyamula katoni. Munali timabokosi tating'ono ngati sopo wosambira, tomwe kampani yake inkamata pa mafiriji osungiramo katemera m'zipatala zakutali. Ntchito ya kabokosi kotere inali kuyeza kuzizira, ndipo firiji ikayamba kufunda, kankatumiza uthenga pafoni ya namwino.

"Mayi, tandisinthireni mabatire awa," anatero injiniyayo. "Milungu itatu yokha afa. Anatigulitsa achinyengo."

Anafotokozanso kuti mwezi wathawo chipatala china chinataya katemera yense. Firiji inazima Lachisanu kabokosi katafa kale, ndipo namwino anatulukira Lolemba.

Namawaya anayeza mabatire awiri atsopano, napukusa mutu. "Bambo, mabatirewa musawanamizire. Ndisiyireni kamodzi ndione chimene chikuwadya."

Analumikiza mita pakati pa batire ndi kabokosiko, nakhala masana onse akulemba kuseri kwa kalendala yakale. Choyamba anapeza kanyale kobiriwira kakuyaka m'kati, momwe palibe diso limafika. Chachiwiri chinali chachikulu: mphindi iliyonse singano ya mita inkadumpha, kabokosi kakuitana netiweki kungonena kuti zonse zili bwino. Atakumbuka kuti zipatalazo zili kutali ndi nsanja za mafoni, anatenga poto kukhitchini, naikamo kabokosiko, navundikira kuti netiweki ifooke. Singano inadumpha kwambiri kuposa kale.

Mwamuna wake anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi. "Amayi a ana, lero tidya mawaya?"

"Kasokeni, bambo. Zikapsa ndikuitanani."

Injiniya uja atabweranso, Namawaya anamuonetsa kalendalayo. "Kanthu kanu aka nkolongolola. Kali ngati mlamu wanga, amene amaimba foni kasanu m'mawa umodzi kufunsa ngati tadzuka. Ndiye kukakhala kutali kamachita kukuwa, mphamvu nkumathera pamenepo. Kalekeni kazigona. Kazidzuka pakatha mphindi khumi, kayeze, kagonenso. Uthenga kazitumiza m'mawa ndi madzulo basi. Firiji ikafunda, pamenepo kakuwe nthawi yomweyo."

Injiniyayo anakanda mutu. "Nanga kakagona osadzukanso, tidziwa bwanji?"

"Uthenga wa m'mawa ukapanda kufika, mudziwa kuti kwagwa zovuta. Komanso kazinena mphamvu imene yatsala m'batire, muzisintha kasanafe."

Namawaya sankadziwa kulemba malangizo a pakompyuta, ndipo sanabise. Ntchito imeneyo anaigwira injiniyayo, yemwe anabwerera kanayi. Ulendo woyamba kabokosi kanagonadi, koma kanaiwala kudzuka. Ulendo wachiwiri kankadzuka bwino, koma kachipangizo koyezera kuzizira kankatsala kakuyamwabe mphamvu pang'onopang'ono, ngati mpopi wosatsekedwa bwino. Namawaya ankangoyeza, nkumubwezera, osakweza mawu. Timanyale tija anatichotsa yekha m'timabokosi makumi asanu ndi limodzi, mpaka maso kuwawa. Ulendo wachinayi singano inangoti zii. Injiniyayo anagogoda galasi la mita ndi chala.

"Mita yanu yafa, mayi."

"Dikirani."

Anadikira, onse awiri maso ali pa singano. Itakwana nthawi, inanyamuka pang'ono nkubwerera. Injiniyayo anaseka mpaka kugwira tebulo.

Mabatire a timabokosi timeneto anapitirira chaka. Kampani ija inaitana Namawaya kuti azikagwira ntchito ku ofesi yake. Anapita milungu iwiri nkubwerako, akuti mipando yamateyala inkamuchititsa chizungulire, ndiponso mwamuna wake anali atayamba kusokera mabatani kumanzere. Anagwirizana kuti kachipangizo kalikonse katsopano kazidzera kaye patebulo pake kasanatumizidwe. Ena ku ofesiko ankadandaula kuti mayi wopanda satifiketi akuwabwezera ntchito, koma akaona manambala ake ankasiya kudandaula.

Patapita zaka zitatu, mayi wina anabwera ndi foni yosweka galasi. Pocheza zinadziwika kuti ndi namwino wa chipatala china chakutali. Anasimba kuti tsiku lina Loweruka masana, ali kumsika, foni inalira kuti firiji yafunda. Anathamanga, nasamutsira katemera m'bokosi la ayezi, ndipo Lolemba ana makumi anayi anabayidwa monga mwa nthawi zonse.

Telala, yemwe ankamvetsera ali pa makina ake, anafuula kuti, "Achemwali, amene anakaphunzitsa kabokosiko ndi omwe agwira foni yanuwo!"

Namwinoyo anaimirira, nagwira dzanja la Namawaya ndi manja onse awiri. Namawaya anachita manyazi, nayang'ana pansi. Kenako anakweza magalasi ake nafunsa kuti firijiyo yaima mbali iti ya chipinda, chifukwa kabokosi kakakhala pafupi ndi zenera kamapeza netiweki msanga. Namwinoyo anati ili pakona, kuseri kwa kabati.

"Mukafika mukaisunthe," anatero Namawaya, akumasula kasikulu koyamba ka foni ija.