Bakha amene ndinamudzoza oyilo

Ndiulule ndekha uchitsiru wanga ena asanandiulule. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinkakhulupirira kuti bakha amayandama chifukwa cha mafuta, ndiye ukamuwonjezera mafutawo ayandama kuposa anzake. Musaseke, sukulu ndinkangoizonda ngati wodwala wa eni.

Kwathu ku Dedza oyilo wakutha wa ku chigayo anali mankhwala a zonse. Galu wa mphere, oyilo. Nsanamira ya khola kuopa chiswe, oyilo. Tsono amalume atandipatsa bakha wangawanga, woyera mbee, ndinati ameneyu ayenera kupambana abakha onse padziwe. Ndinatapa oyilo m'kachitini n'kumudzoza kuyambira khosi mpaka kumchira. Unali mwezi wa Juni, chifunga chili tolo.

Nditamuika pamadzi nthenga zinamatana, madzi n'kulowa mpaka pakhungu. Anayamba kutitimira pang'onopang'ono ngati dengu. Ndinalowamo ndi zovala n'kumuvuula. Ankanjenjemera, uku akudzikonza nthenga ndi mlomo, n'kumameza zakudazo. Ndinayesa phulusa, ndinayesa sopo wochapira. Ayi ndithu.

"Amayi, muchizeni!"

Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. "Nthenga ndiye chovala chake. Wamuvula iwe, chisanu chonsechi."

Ndinkafuna andikwapule, zithe. Sanatero. Anangotsegula malaya anga n'kumuika pachifuwa panga. "Khala naye. Usamutule." Ndinamva kamtima kake kakugunda pa nthiti zanga mpaka dzuwa lili paliwombo, pamene kanaleka.

Ndakalambira kuno ku Dublin, ndikukolopa pa eyapoti, ndipo ndinkayesa kuti nkhaniyi inatsala ku Dedza. Koma Lamlungu lina m'nyengo yozizira, titatuluka m'tchalitchi, ine ndi akazi anga a NaPhiri tinakwera basi kuchoka ku Finglas, kumene timakhala, kukaona nyanja. Pamchenga tinapeza mbalame yam'nyanja, chifuwa chonse phala lakuda, ikudzikonza nthenga ndi mlomo. Kadzikonzedwe komwe kaja.

Mayi wina woyendetsa galu anati oyiloyo amatayika m'zombo, kapena kutali kumene amaboola pansi pa nyanja kufuna mafuta ndi gasi. Akuti mbalame imaona pamadzi posalala n'kuterapo, osadziwa.

Ndinavula jekete n'kuikulunga, dzanja lina nditaitseka mlomo kuti isameze. A NaPhiri anaimbira opulumutsa nyama. "Akuti one hour," anatero.

"One hour! Auzeni kuti ikufa!"

Mphepo inkandicheka m'mafupa, nkhalamba ya shati yokha ikuyankhula ndi mbalame m'Chichewa, azungu akudutsa cha patali. Ndinaipepesa. Ndinailonjeza usipa, ine amene ndilibe ndi mbedza yomwe. Kamtima kanagunda pa nthiti zomwe zija, ndipo galimoto ya opulumutsa aja isanafike kanaleka.

Ine ndinali mbuli ya kachitini kamodzi. Oboola nyanjawo ndi anthu a madigiri, ali ndi mapaipi, ndipo pansi pawo pali nsomba ndi anamgumi amene sitidzawaona akunjenjemera. Ndani angavuule zonsezo?

Usiku umenewo ndinkakhula jekete ija m'sinki, oyilo osachoka. A NaPhiri anabwera n'kutseka mpopi.

"Isiyeni, bambo a Chiko, sachoka ameneyo. Inu amayi anu anakuikani bakha pachifuwa. Oboola nyanjawo palibe anawaikapo bakha wawo."