Tsiku Limene Ndinaombera M'manja Aphunzitsi Achitsulo

Ndisanabwere ku Amereka ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri pa sekondale ina ku Dedza, ndipo ndodo sinkandichoka m'manja. Ku Indianapolis ndinapeza ntchito yosamalira okalamba. Tinkakhala ku Beech Grove, ine, mayi akunyumba ndi mwana wathu wamwamuna, yemwe panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Loweruka lina masana, nditaweruka shifiti yam'mawa, mwanayo anandipempha kuti tionere limodzi filimu. Zinandidabwitsa, chifukwa miyezi imeneyo ankangodzitsekera kuchipinda. Filimuyo inali yakale, yonena za sukulu yam'tsogolo imene inalandidwa ndi magulu a anyamata achiwawa, mpaka akuluakulu anabweretsa maloboti ovala masuti kuti akhale aphunzitsi. Loboti lina litagwira mnyamata wamwano n'kumukwapula anzake akuona, ine ndinaomba m'manja. Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati ana akuno akusowa zimenezi basi, n'kuyamba kumusimbira mmene kalasi yanga inkakhalira zii ndikangolowa.

Iye sanaseke. Filimu itaonetsa kamnyamata kakumenyedwa kuchimbudzi ndi gulu lina, anatsitsa mawu a kanema. Anandifunsa m'Chingerezi, monga mwa masiku onse, kuti mwana wotereyu azitani.

"Wamantha ndiye amamenyedwa," ndinatero. "Mwamuna amadziteteza yekha, sathamangira kukanena."

"Chabwino, adadi."

Zimenezi anayankha m'Chichewa. Ine ndinali wotopa, ndipo tulo tinandigwira pampando filimu isanathe.

Patapita milungu itatu, akusukulu anandiimbira ndili kuntchito. Mwana wanga anali atamenya mnzake ndi loko wachitsulo n'kumugulula mano awiri. Ku ofesi ya ahedi n'kumene ndinamva zonse. Kuyambira kumayambiriro kwa chaka, anyamata anayi ankamudikirira potsika basi, kumunyoza dzina la makolo ake, kumugwetsa pansi n'kumuponda. Kenaka mwana wanga anapeza gulu lina lomwe linalonjeza kumuteteza, bola aonetse kuti si wamantha. Ahedi anamuimitsa sukulu, apolisi nawonso analemba dzina lake.

Pobwerera kunyumba ndinamukalipira njira yonse. Ndinatchula manyazi amene atigwere kutchalitchi, ndinatchula mmene tinavutikira kuti tifike kuno. Zoti iye wakhala akumva ululu wotani, sindinafunse. Mayi ake ndiwo anamuvula malaya n'kupeza mabala kumsana, ena atapola kalekale.

Tinagwirizana kuti akakhale kwa azakhali ake, mlongo wanga, yemwe ndi namwino ku South Bend. Ndinamuperekeza ndekha, ulendo wa maola pafupifupi atatu, minda ya chimanga uku ndi uku. Titaima pomwetsera mafuta ku Kokomo, iye anatsika kukasamba m'manja, ine n'kutsala ndikukonza mawu opepesa. Mawuwo anali atakonzeka kale mumtima mwanga. Koma atabwerera n'kumanga lamba, ndinangomufunsa ngati watenga jekete lake lochindikala. Anati watenga.

Sukulu anamaliza bwino komweko. Lero amakonza makina pachipatala china, ali ndi mkazi komanso kamwana kakakazi. Pa Khirisimasi amabwera kudzationa, amandipatsa ulemu wonse, ngakhale mafuta a galimoto yanga amandisinthira. Koma zikamuvuta amaimbira azakhali ake, ine n'kudzamva kwa iwo patapita masiku.