Tebulo la aNasimbi

Kuseri kwa sitolo ya nsapato kuli kachipinda kochapira ndi kusita zovala. Muli makina ochapira olira ngati munthu wa chifuwa, ndi matebulo atatu ositirapo. Tebulo la pazenera linali la mayi amene tonse timawatcha aNasimbi. Dzina lawo lenileni amalidziwa ndi amuna awo okha, kalipentala wosalankhulalankhula, ndipo nawonso ndikuwakayikira.

Anasita pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ali chiimire. Mzere wa thalauza lotuluka m'manja mwawo ukanatha kukucheka chala. Lamulo lawo linali limodzi: magetsi akayaka, simbi n'kutentha, sukhala pansi mpaka mulu uthe. Pajatu magetsi a mumsewu wathu ndi mlendo wopanda mwambo, amalowa osaodira n'kuchoka osatsanzika.

Chaka chatha anadwala. Thupi linatentha, pakhosi panachita zilonda, m'khosi munatupa mwanabere. Patatha milungu iwiri zonsezo zinatha, koma mphamvu sizinabwerere. Akasamba okha ankagona tsiku lonse. M'mawa ankadzuka otopa kuposa mmene anagonera. Mayi amene ankadziwa mwini wa malaya aliwonse pongowayang'ana anayamba kuima pakati pa chipinda, osakumbukira chimene adzukira.

Kuchipatala anawayeza malungo, shuga, magazi, ngakhale kachilombo kaja timakatchula monong'ona. Zonse zinali bwinobwino. Alamu awo, mlongo wa amuna awo, anawerenga mapepalawo kawiri.

“Alamu, ndiye kuti ndinu munthu wathanzi kuposa tonsefe m'banja muno. Tikuyamikireni.”

Patapita miyezi isanu ndi iwiri aNasimbi anakumana ndi dokotala wina, mayi wa magalasi amene anawamvetsera mpaka kumaliza. Iye anati ndi matenda a kutopa kosatha, amene ena amawagwira akadwala ndi vayirasi. Vayirasiyo amakhala ngati wagonja, koma chitetezo cha m'thupi chimatsala chosokonekera, ngati chikumenyabe nkhondo.

“Mankhwala ochiziratu palibe, mayi, ndisakunamizeni. Alipo mapiritsi olimbana ndi vayirasi. Ena amapezako bwino nawo, ambiri ayi. Tiyese miyezi isanu ndi umodzi, tiziyeza magazi kuti tione impso. Koma chachikulu ndi ichi: tsiku limene mudzamve mphamvu, musadzazigwiritse ntchito zonse. Mukatero, thupi lidzakulangani mkuja wake.”

Abwana a kochapira analonjeza kusunga tebulo miyezi isanu ndi umodziyo. Alamu aja, amene analibe ntchito, anati azigwirizira. Choncho mapiritsi ndi tebulo zinali ndi tsiku limodzi lothera, ndipo aNasimbi ankalidziwa bwino.

Anamwa mapiritsiwo mokhulupirika, ngakhale ankawachititsa nseru. Anagona monga anauzidwira, n'kumaona denga mpaka kuloweza pamene padontha. M'mwezi wachinayi zinthu zinayamba kusintha. Ankatuluka kukakhala pakhonde, ankapesa okha tsitsi, ndipo tsiku lina anandifunsa ngati n'zoona kuti mwini sitolo ya nsapato wathawidwa ndi mkazi wachiwiri. Ndinadziwa kuti moyo ukubwerera.

Lachisanu lina alamu anafika akuweruka, n'kuvula nsapato pakhonde pomwepo kuti mapazi otupa aoneke.

“Mwanenepatu alamu. Matenda anuwa ndi abwino, mundibwerekeko sabata imodzi.”

“Tengani, mudzabweza nokha.”

“Ahotela abweretsa nsalu za patebulo mazana awiri, akuzifuna mawa madzulo. Abwana akufunsa ngati mwini tebulo la pazenera akadali moyo. Ndinati ali moyo ndithu, amaotha dzuwa.”

M'mawa mwake kalipentala anapeza akazi awo atavala epuloni.

“Amayi, adokotala anati chiyani?”

“Adokotala anasitapo kuti?”

“Khalani pansi, yatsala miyezi iwiri yokha.”

ANasimbi anadzigunda pachifuwa. “Abambo, muno magetsi ayaka. Sindidziwa kuti azima liti. Mukuti ndikhale pansi ndiziwaonerera?”

Amuna awo anawatsegulira chitseko. Anawanyamulira kachikwama mpaka pakhomo pa kochapira.

Amene analipo amati sanaonepo zotero. Nsalu zinkatuluka zosalala ngati pepala, zopindidwa makona onse ofanana. Pofika folo koloko anali atasita zana limodzi ndi mphambu khumi, osakhala pansi, osamwa ngakhale tiyi. Abwana anaombera m'manja. Lamulungu aNasimbi anadzuka bwinobwino, ndipo anatumiza uthenga kwa alamu kuti apumitse mapazi, mwini wake wabwera.

Lolemba kapu ya madzi inawakanika kunyamula. Mafupa ankaphwanya, mtima unkathamanga ali chigonere, kuwala kunkawabaya m'maso moti amuna awo anakhomera bulangete pazenera. Kuchimbudzi ankawanyamula. Ulendo wotsatira wa kuchipatala analowa pa njinga ya odwala, atabisa nkhope m'manja.

Dokotala anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

“Tsopano sindingadziwe ngati amene anakudzutsani anali mapiritsi kapena kupuma. Malizani otsalawo, tione.”

Kalipentala anafunsa za mankhwala ena amene anamva, a m'diripi, okonza chitetezo cha m'thupi. Dokotala anati akadali pa kafukufuku kutali, ndipo ngakhale kumeneko zotsatira zake sizikugwirizana. Anawapatsa tsiku lobweranso.

Choipa kwambiri n'chakuti tsiku limodzi lija linakhala umboni wowatsutsa. Mumsewu monse anthu anaona nsalu zija, koma m'chipinda cha mdima munalowa ochepa. “Munthu wosita nsalu zana akudwala chiyani?” Alamu ankafunsa aliyense wobweretsa zovala. “Akafuna amatha. Nkhani ndi kufunako.” Ena anati ndi mkwiyo, ena anati akufuna kuwonjezeredwa ulemu. Nanenso, kunena zoona, ndinagwedezako mutu kamodzi.

Mapiritsi anatha, aNasimbi asanabwererenso ngakhale pakhonde. Sabata yomweyo abwana anabwera okha masana, atanyamula kapepala ka pulasitiki. Anafufuza mpando mumdimamo n'kukhala kumapeto kwake.

“Achemwali, ndadikira monga ndinanenera.”

“Mwadikira, abwana.”

“Tsiku lija ndinauza aliyense kuti mwachira. Ndinakanira mpaka munthu wina waluso amene ankafuna malo. Pano sindikudziwa kuti ndinene chiyani. Ahotela sadikira, ndipo alamu anu azolowera. Akhale basi.”

“Zamveka.”

Abwana anaika kapepalako pabedi. Munali kapu yawo ya tiyi, kansalu konyowetsa kamene ankayala pa thalauza posita, ndi epuloni yochapa. ANasimbi anaisisita epuloniyo ndi chala mumdimamo, ndipo chalacho chinaima. Panali mizere iwiri pamene pafunika umodzi, ndi thumba lopsa pakona.

“Wasita ndani?”

“Alamu anu. Anati akuchitireni ulemu.”

ANasimbi anatsegula pakamwa, ndipo abwana anawerama kuti amve. Koma mawu nawo amafuna mphamvu. Patapita kanthawi anangopempha kuti potuluka atseke chitseko pang'onopang'ono.